Kodi njovu zimakhala bwanji m'chipululu cha Namib, ndipo zikutetezedwa kwa yani?

Nachisale

Akuluakulu ndi anzanga nonse, landirani moni. Ndili ndi funso lokhudza njovu zimene zimakhala kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Namibia, m'chipululu cha Namib, zija zimaoneka pa zithunzi zikutsetsereka pa milu ya mchenga. Zimene ndinaphunzira n'zakuti njovu yaikulu imatha kumwa madzi opitirira malita 100 pa tsiku ndipo imadya masamba, udzu ndi makungwa olemera makilogalamu oposa 100, tsono sindikumvetsa kuti nyama yotere ingakhale bwanji kumalo kumene chaka chimatha mvula osagwa n'komwe. Ndamvanso kuti kumeneko kuli zipembere zakuda, mikango, akadyamsonga ndi nthiwatiwa. Kodi nyamazi ndi za mtundu wapadera umene matupi ake anasintha kuti agwirizane ndi chipululu, kapena ndi nyama wamba zimene zinathawira kumeneko zitasowa mtendere kwina?

Funso lachiwiri ndi limene likundizunguza kwambiri. M'chipululu simulimidwa, mulibe nkhalango yoti anthu aigwetse, ndipo anthu okhalamo ndi ochepa. Ngati nyamazo zinakwanitsa kupirira ludzu ndi dzuwa kwa zaka zosawerengeka, n'chifukwa chiyani mabungwe ndi boma akuwononga ndalama zambiri pozilondera? Mdani wake ndani kwenikweni? Ndikupempha amene akuidziwa bwino nkhaniyi kuti andifotokozere mosathamanga.

Mbewe

Mayi Nachisale, kuti nkhaniyi imveke tiyenera kuyamba taona kumene madzi a m'chipululu chimenechi amachokera, pakuti magwero ake ndi awiri, ndipo gwero limene limasunga moyo wa tizilombo tating'ono si limene limasunga njovu.

Chipululu cha Namib ndi chachitali koma chopapatiza. Chimayambira kumwera kwa Angola, kudutsa gombe lonse la Namibia mpaka kukalowa m'dziko la South Africa, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, pamene kuchokera kunyanja kupita kumtunda sichipitirira makilomita 200 m'malo ambiri. Akatswiri amati dera limeneli lakhala louma kwa zaka pafupifupi 55 miliyoni, ndipo n'chifukwa chake limatchedwa chipululu chakale kwambiri padziko lapansi. Chimene chimaletsa mvula ndi nyanja yomweyo ya Atlantic. M'mbali mwa gombelo mumayenda madzi ozizira kwambiri ochokera kumwera, otchedwa Benguela, ndipo madziwo amaziziritsa mpweya wa pansi kotero kuti sungakwere m'mwamba kukapanga mitambo ya mvula. Mumzinda wa Swakopmund mvula siifika ngakhale mamilimita 20 pa chaka. Koma kuzizira komweko kumabweretsa nkhungu, imene usiku ndi m'mamawa imalowa kumtunda makilomita makumi angapo, ndipo kwa zamoyo za m'milu ya mchenga nkhunguyo ndi yodalirika kuposa mvula.

Zambiri zimene tikudziwa pa nkhani imeneyi zinachokera ku Gobabeb, malo ochitira kafukufuku amene anatsegulidwa mu 1962 m'mphepete mwa mtsinje wa Kuiseb. Mu 1976 akatswiri a kafukufuku William Hamilton ndi Mary Seely anafotokoza za chikumbu chakuda chimene nkhungu ikabwera chimakwera pamwamba pa mulu wa mchenga, n'kuzolika mutu pansi, msana utayang'ana kumene mphepo ikuchokera, kuti timadontho tisonkhane pa thupi lake n'kutsetserekera kukamwa. M'mawa umodzi wokha chikumbucho chingathe kumwa madzi olemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake. Chikumbu china chimakumba ngalande yaing'ono mumchenga mopingasa mphepo, ndipo m'mbali mwa ngalandeyo mukanyowa chimabwerera n'kumayamwa chinyonthocho. Kuli nalimata wa mapazi otambalala amene amanyambita madontho a nkhungu pa maso ake omwe. Chakudya cha tizilomboti ndi zinyalala za udzu wouma ndi njere zimene mphepo imaulutsa kuchokera kumtunda n'kuziunjika m'munsi mwa milu ya mchenga. Tizilombo timadyedwa ndi abuluzi, abuluzi amadyedwa ndi njoka, ndipo moyo wa m'mchengamo umayenda motero. Dera la milu ya mchengali bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika kwa anthu a dziko lonse mu 2013.

Njovu siingakhale ndi moyo pa nkhungu. Chimene chimasunga nyama zikuluzikulu ndi mitsinje 12 ikuluikulu imene imachokera kumapiri a kum'mawa, kumene mvula imagwako ndithu, n'kudutsa m'chipululu kulowera kunyanja. Ina mwa iyo ndi Hoarusib, Hoanib, Uniab, Huab, Ugab, Swakop ndi Kuiseb. Pafupifupi chaka chonse mitsinje imeneyi imakhala mchenga wokhawokha, ndipo imasefukira masiku ochepa chabe mvula ikagwa kumtunda, mwinanso zaka zina osasefukira n'komwe. Komabe madzi osefukirawo amalowa pansi n'kukhala mumchenga, ndipo ndi amene amamwetsa mitengo ikuluikulu ya msangu, tsanya ndi mitengo ina yaminga imene imandanda m'mphepete mwa mitsinjeyo. Msangu ndi wofunika kuposa yonse chifukwa umakhala ndi masamba ndipo umagwetsa zipatso zake m'miyezi youma kwambiri, nthawi imene chakudya china chatha. Njovu zimakumba zitsime mumchenga wa mtsinje ndi mapazi ndi chitamba, ndipo zikamwa n'kuchoka, nyama zina zimabwera kudzamwa pomwepo. Zingathe kukhala masiku atatu kapena anayi osamwa, zikuyenda mitunda italiitali, makamaka usiku, kuchoka ku mtsinje wina kupita ku wina.

Tsopano pa funso lanu lakuti kodi ndi mtundu wapadera. Kafukufuku wa chibadwa cha njovuzi amene anasindikizidwa mu 2016 anapeza kuti sizisiyana ndi njovu zina za ku Namibia, monga za ku Etosha, paki yaikulu ya kumpoto kwa dzikolo. Chimene zili nacho chapadera si thupi ayi, koma chidziwitso. Njovu yaikazi yaikulu imadziwa kumene kuli kasupe kuseri kwa phiri, njira yodutsa pakati pa milu ya mchenga, ndi mwezi umene msangu wa ku Hoanib umagwetsa zipatso, ndipo ana amaphunzira zimenezi poyenda ndi akuluakulu kwa zaka zambiri. Apa m'pamene pali yankho la mbali ina ya funso lanu lachiwiri. Mabanja a njovuzi ndi ang'onoang'ono, zimabereka patalipatali kuposa njovu za kumalo achonde, ndipo ana ambiri amafa asanakule. Mukapha njovu zikuluzikulu zisanu m'dera lotere, simungabweretse zina zisanu kuchokera kwina n'kunena kuti mwabwezeretsa, chifukwa zatsopanozo sizidziwa kumene kuli madzi.

Zilipo nyama zina zimene matupi ake anazoloweradi chipululu. Nyama ya nyanga zazitali zowongoka yotchedwa oryx kapena gemsbok, imene ili pa chizindikiro cha boma la Namibia, imalola thupi lake kutentha masana m'malo motaya madzi kudzera m'thukuta, imadya usiku pamene udzu wayamwa chinyontho, ndipo imafukula mizu ndi mavwende a m'tchire. Koma nayonso moyo wake umadalira kuyenda momasuka kutsata kumene mvula yagwa, ndiye mpanda wa waya wodutsa pa njira yake ungaiphe m'chaka cha chilala.

Nankhoma

Bambo Mbewe afotokoza bwino za madzi. Ine ndiyankhe funso lakuti mdani ndani, chifukwa mbiri ya deralo imayankha yokha.

Choyamba, si zoona kuti m'chipululu mulibe anthu. Dera limene kale linkatchedwa Kaokoland ndi Damaraland, limene mbali yake yaikulu lero ndi chigawo cha Kunene, ndi kwawo kwa Ahimba, Aherero ndi Adamara, amene amaweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, ndipo ziweto zawo zimamwa pa akasupe omwewo amene njovu ndi zipembere zimamwapo. Kuli ngakhale anthu a ku Riemvasmaak amene boma la tsankho lidawasamutsa mokakamiza kuchokera ku South Africa m'zaka za m'ma 1970 n'kukawataya kumeneko. M'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zinthu zitatu zidakumana nthawi imodzi: nkhondo yomenyera ufulu idadzaza mfuti m'deralo, mtengo wa minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere udakwera, ndipo kudagwa chilala choopsa chimene chidapha ng'ombe zochuluka kotero kuti mabanja adayamba kudalira nyama zakutchire. Ena mwa opha nyamawo adali asilikali ndi akuluakulu a boma la South Africa limene linkalamulira dzikolo pa nthawiyo. Zipembere zakuda zidatsala makumi ochepa chabe.

Mu 1982 Blythe Loutit ndi anzake adayambitsa bungwe la Save the Rhino Trust. Nthawi yomweyo Garth Owen-Smith, munthu wogwira ntchito yoteteza nyama zakutchire, adakhala pansi ndi mafumu a deralo, ndipo adagwirizana kuti mafumuwo ndiwo asankhe alonda a nyama pakati pa anthu awo. Ena mwa osankhidwawo adali alenje odziwika amene kale ankapha nyamazo, pakuti ndiwo ankadziwa kutsata mapazi pa miyala. Alondawa sankamanga munthu. Ntchito yawo idali kuyendera akasupe, kuona zimene zikuchitika ndi kukanena kwa mfumu, ndipo munthu wakupha chipembere ankadziwa kuti akayankha mlandu pamaso pa abale ake, osati pamaso pa mzungu wochokera kutali. M'zaka zochepa kupha nyama kudatsika kwambiri. Mu 1989 dziko la Namibia lidakhalanso loyamba kuyesa njira yodula nyanga za zipembere zamoyo kuti opha nyama asaone chifukwa chozisakira.

Dzikolo litalandira ufulu mu 1990, m'malamulo ake aakulu adaikamo ndime ya nambala 95, imene imalamula boma kusamalira zachilengedwe. Kale, lamulo la mu 1975 linkapereka mphamvu pa nyama zakutchire kwa eni mafamu, amene pafupifupi onse adali azungu, pamene munthu wa kumudzi akapha nyama imene yadya msipu wake ankatengedwa ngati mbava. Mu 1996 lamulolo lidasinthidwa kuti anthu a m'madera a mafumu nawonso akhale ndi mphamvu zomwezo ngati akhazikitsa chimene amachitcha conservancy, kutanthauza bungwe la anthu a m'dera loyang'anira nyama za m'dera lawolo. Kuti alembetse ayenera kugwirizana malire ndi oyandikana nawo, kulemba mayina a mamembala, kusankha komiti, kukhala ndi malamulo awo olembedwa, ndi kufotokoza m'mene adzagawanire phindu. Ma conservancy anayi oyamba adalembetsedwa mu 1998, ndipo imodzi mwa iwo idali Torra, imene ili m'dera la njovu za m'chipululuzi. Lero alipo 86, ndipo akutenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko lonselo. Ndalama zimabwera kuchokera ku malo ogona alendo amene makampani amamanga mogwirizana ndi anthuwo, komanso ku ziphaso zosakira nyama zimene boma limavomereza chiwerengero chake.

Zotsatira zake n'zooneka ndi maso. Kunene tsopano ili ndi gulu lalikulu kwambiri padziko lapansi la zipembere zakuda zimene zimayenda momasuka kunja kwa mipanda, pa malo amene anthu akuwetanso ziweto. Zipemberezi zimadya ngakhale chitsamba cha m'gulu la nkhadze chimene utomoni wake ndi poizoni woti angaphe munthu, ndipo alonda amadziwa chilichonse pachokha poona makutu ndi nyanga zake. Mikango, imene idatsala pafupifupi 20 pamene katswiri wofufuza za mikango Philip Stander ankayamba kuitsata chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, idachulukana mpaka kupitirira 100, ndipo ina idabwerera kugombe la Skeleton Coast kumene idayambanso kugwira mbalame za m'madzi ndi nyama za m'nyanja zotchedwa seal. Choncho, Mayi Nachisale, ndalama mukunenazo zambiri zimapita ku malipiro a alonda, mafuta a galimoto ndi zipangizo zolankhulirana, chifukwa nyanga ya chipembere ikadali ndi msika ku Asia, ndipo pamene kupha zipembere kudabukanso m'zaka za m'ma 2010 anthu a m'midzi ndiwo ankayamba kuona mapazi achilendo pa kasupe.

Jere

Mayi Nankhoma, zonse mwanenazo n'zoona, koma mwaifotokoza nkhaniyi monga momwe amaifotokozera mabungwe amene amapempha thandizo, ndipo ine ndikuona kuti mbali ya woweta mbuzi yachepa.

Mikango itachuluka, zaka za mvula yabwino zinatha. Kuyambira cha m'ma 2013 chigawo cha Kunene chinakhala pa chilala zaka zotsatizana, ndipo mu 2019 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha chilalacho. Nyama zimene mikango imadya, monga oryx, springbok (nyama yonga nswala) ndi mbidzi za m'mapiri, zinachepa kwambiri, ndipo mikango inatembenukira ku makola. Mu November 2017 mikango inapha mbuzi ndi nkhosa zoposa 80 usiku umodzi m'dera la Torra lomwelo limene mwalitamanda. Taganizirani munthu amene ng'ombe zake zafa kale ndi chilala, watsala ndi timbuzi timene akudalira pa mkaka ndi pa sukulu ya ana, ndiye m'mawa akupeza khola lonse lili gonegone. Boma limapereka kangachepe ngati chipukuta misozi, koma ndalamayo siifika pa mtengo wa chiweto, imafuna umboni, ndipo imachedwa. Munthu wotere akathira poizoni pa nyama yakufa kuti aphe mkango, ine sindivomereza, chifukwa poizoniyo amaphanso miimba, afisi ndi nkhandwe, koma sindingamutche wosazindikira. Njovu nazo zimagwetsa mathanki, kuzula mapaipi ndi kuphwanya makina opopera madzi pa mijigo, ndipo mudzi wonse umakhala masabata opanda madzi.

Nkhani ya phindu nayo siili chimodzimodzi paliponse. Conservancy imene ili ndi zipembere, mapiri okongola ndi msewu wa alendo imapeza ndalama zooneka, pamene ina yoyandikana nayo ili ndi mikango yomweyo koma ilibe kampani yofuna kumangako malo ogona. Ngakhale kumene ndalama zimalowa, gawo lalikulu limathera pa malipiro ndi pa kayendetsedwe ka ofesi, ndipo amene amalembedwa ntchito pa malo a alendo kawirikawiri ndi achinyamata odziwa Chingerezi okhala pafupi ndi msewu, osati mkulu amene ali kutali ndi ziweto zake kumene mkango umafika. Kuwonjezera apo, paja akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mu 2020 matenda a Covid-19 atatseka maulendo a ndege, ndalama za alendo zinauma mwadzidzidzi, ndipo malipiro a alonda anachita kupemphedwa kwa mabungwe akunja.

Palinso nkhani ya kusaka imene anthu ambiri akunja safuna kuimva. Mu 2004 msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, unalola Namibia kugulitsa ziphaso zosakira zipembere zakuda zamphongo zisanu pa chaka. Mu 2014 chiphaso chimodzi chinagulitsidwa ku Dallas m'dziko la America pa mtengo wa madola 350,000, ndipo dziko lonse linachita phokoso. Boma linati imasankhidwa ndi mphongo yokalamba imene yasiya kubereka koma ikuvulaza zinzake, ndipo ndalamazo zimalowa m'thumba losamalira nyama. Pa zipembere mfundo imeneyi ndimaimvetsa. Pa njovu za m'mitsinje youma ija sindiimvetsa, pa chifukwa chimene Bambo Mbewe anena: mphongo zikuluzikulu kumeneko n'zowerengeka, ndipo iliyonse ikafa imapita ndi njira zimene inkadziwa. Mu 2024 boma linalengeza kuti lipha nyama 723 m'madera osiyanasiyana a dzikolo, kuphatikizapo njovu 83, kuti nyama yake igawidwe kwa anthu ovutika ndi njala. Ena anadzudzula, ena anayamikira, koma chimene chinaoneka poyera n'chakuti chilala chikakula, nyama ndi anthu amapikisana pa madzi ndi msipu womwewo, ndipo lamulo la mu 1996 silinathetse mpikisanowo.

Zimene zikuthandiza ndi zinthu zooneka zazing'ono: makola olimba a waya ndi nsalu zotchinga kuti mkango usaone mbuzi usiku, makolala a pakhosi amene amatumiza uthenga mkango ukayandikira mudzi, alonda a mikango ochokera m'midzi momwemo amene amathamangira kukachenjeza oweta, ndi makoma a miyala ozungulira mijigo pamodzi ndi malo omwera njovu amene amamangidwa kutali ndi nyumba. Zonsezi zimafuna ndalama chaka ndi chaka, ndipo maganizo anga ndi akuti amene amakondwera kuona mkango pa kanema ali kutali ndiwo ayenera kulipira gawo lalikulu.

Nachisale

Zikomo kwambiri nonse atatu. Tsopano ndamvetsa za Kunene, kumene anthu ndi nyama akukhalira limodzi. Koma ndikaona mapu, gombe lonse la Namibia lili m'mapaki a boma, kuyambira ku Skeleton Coast kumpoto, kudutsa Dorob ndi Namib-Naukluft mpaka kumwera. Kodi tinganene kuti mbali imeneyo ndi yotetezeka, popeza kulibe makola kapena mikango yodya mbuzi? Ndinawerenganso za chomera cha masamba awiri okha chimene amati chimakhala zaka zoposa 1,000 chikumwa nkhungu. Kodi chimenechonso chili pa ngozi?

Mbewe

Mayi, chomera mukunenacho ndi Welwitschia, chimene chinatchedwa dzina la Friedrich Welwitsch amene anachiona kumwera kwa Angola mu 1859. N'zoona kuti chimakhala ndi masamba awiri okha moyo wake wonse, amene amakula kuchokera kutsinde pamene nsonga zake zikuuma ndi kung'ambika, ndipo zina zimapitirira zaka 1,000. Koma zakuti chimadalira nkhungu anthu amazikokomeza. Madzi ake ambiri chimakoka ndi mizu kuchokera m'nthaka, ndipo njere zake zimamera pokhapokha kukagwa mvula yamphamvu, imene kumalo ena imabwera kamodzi pa zaka zambiri. N'chifukwa chake pamalo amodzi mumapeza zomera za msinkhu wofanana, ndipo zikawonongeka palibe amene angalonjeze kuti zina zidzamera liti.

Za mapaki, malire a pa mapu saletsa zonse. Choyamba ndi matayala a galimoto. Zigwa za timiyala za kufupi ndi gombe zimaoneka zopanda kanthu, koma pamwamba pake pali ndere zimene zimamwa nkhungu ndipo zimakula pang'onopang'ono kwambiri, ndiponso pali kachikhokho kouma kamene kamagwira dothi kuti lisauluke. Galimoto imodzi ikadutsapo, mkukuluzi wake umaoneka kwa zaka makumi angapo, chifukwa kulibe mvula yoti ifafanize. Pa zigwa zomwezo mbalame yaing'ono ya m'nyanja yotchedwa Damara tern imaikira dzira limodzi pansi popanda chisa, ndipo zambiri mwa mbalamezi padziko lapansi zimaswera ku Namibia. Paki ya Dorob inakhazikitsidwa mu 2010 makamaka pofuna kuika malire pa anthu oyendetsa galimoto ndi njinga zamoto paliponse pakati pa Walvis Bay, Swakopmund ndi Henties Bay.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo ichi ndi chimene ine ndimachiopa kwambiri, chifukwa chimachitikira kutali ndi paki. Pa mtsinje wa Swakop anamangapo madamu a Von Bach ndi Swakoppoort kuti mzinda wa Windhoek upeze madzi, ndipo kuyambira pamenepo madzi osefukira ofika kumunsi anachepa, misangu yambiri inauma, ndipo mtengo wachilendo wotchedwa Prosopis unafalikira m'malo mwake. Mzinda wa Walvis Bay umapopa madzi a pansi pa mtsinje wa Kuiseb. M'mphepete mwa mtsinje womwewo mumakhala anthu a mtundu wa Topnaar, amene analipo kale Ajeremani asanalengeze mu 1907 kuti deralo ndi losungira nyama, ndipo amadalira chipatso chaminga chotchedwa nara, chimene mizu yake imafika pa madzi a pansi. Khoma loteteza mzinda ku madzi osefukira litamangidwa m'zaka za m'ma 1960, nthambi ina ya mtsinjewo inatsekeka ndipo minda yachilengedwe ya nara inachepa. Kuiseb ali ndi ntchito inanso: akasefukira amakokolola mchenga umene mphepo imakankha kuchokera kumwera, ndipo n'chifukwa chake kumwera kwa mtsinjewo kuli milu ya mchenga pamene kumpoto kwake kuli zigwa za timiyala.

Chachitatu ndi migodi. Mgodi wa uranium wa Rössing unatsegulidwa mu 1976, wa Langer Heinrich unayamba mu 2007 m'kati mwenimweni mwa paki ya Namib-Naukluft, ndipo wa Husab unatsatira mu 2016 pafupi ndi chigwa chimene chili ndi Welwitschia zambiri. Migodi imabwera ndi misewu, mapaipi ndi mawaya a magetsi zimene zimadula njira za nyama, ndipo imafuna madzi ochuluka kotero kuti mu 2010 anamanga fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja pafupi ndi Wlotzkasbaken, dera lomwelo limene lili ndi ndere zambiri. Sindikunena kuti dziko la anthu osowa ntchito lisiye chuma chake pansi, koma ndi bwino kudziwa kuti lamulo la ku Namibia limalola kukumba miyala m'paki ngati chilolezo chaperekedwa. Chodabwitsa n'chakuti dera losungika bwino kwambiri ndi la kumwera, limene linatsekedwa mu 1908 pofuna kuteteza diamondi, osati zomera, ndipo linasanduka paki mu 2008. Kumeneko kuli mitundu yambirimbiri ya zomera zosunga madzi m'masamba, zina zosapezeka kwina kulikonse, ndipo tsopano mkangano ulipo ndi wa makina amphepo ndi a dzuwa amene akufuna kumanga m'paki yomweyo, kufupi ndi Lüderitz, kuti azipangira mpweya wa haidrojeni wogulitsa ku Ulaya.